Kalumo ka Mlendo: Kodi Wolemba Mapulogalamu Azifunsa Anthu Osawadziwa?

Anthu ambiri amaganiza kuti wolemba mapulogalamu a kompyuta amakhalira kulemba tsiku lonse. Amene ali mu ntchitoyi amadziwa kuti nthawi yochuluka imathera pa kusaka chimene chalakwika. Pulogalamu imene dzulo imayenda bwinobwino lero yangoti zii, kompyuta yalavula mizere ya uthenga wosadziwika mutu wake, mwini ntchito akuifuna Lachisanu, ndipo mu ofesi monse mulibe amene anakumanapo ndi vuto lotere. Apa m'pamene amisiri a ntchitoyi amasiyana maganizo. Ena amati lilembe vutolo, uliike poyera pa intaneti, alipo munthu kwinakwake amene analiona kale ndipo akuyankha osakulipiritsa. Ena amati khala pansi, tsegula buku la malangizo, werenga khodi mzere ndi mzere mpaka upeze wekha pamene padwala, chifukwa chimene wakupatsa munthu wosamudziwa sungachiimirire pamaso pa amene anakulemba ntchito.

Ndinenetu poyamba pomwe kuti ine ndili kumbali ya ofunsa. Koma otsutsa ali ndi umboni wa masiku ndi manambala odziwika, ndipo mfundo imodzi mwa zawo ndi yolemera kuposa mmene ofunsa anzanga amavomerezera.

Amene amati tizifunsa amakonda kuyambira ku Finland. Mu Julaye 1991, Linus Torvalds, mnyamata wa zaka 21 amene ankaphunzira pa yunivesite ya Helsinki, analembera anthu ogwiritsa ntchito Minix, kapulogalamu koyendetsa kompyuta kamene Andrew Tanenbaum analemba ku Amsterdam kuti aziphunzitsira ophunzira ake. Funso lake linali lalifupi. Ankafuna wina amulozere kumene angapeze malamulo a POSIX, chikalata chofotokoza mmene mapulogalamu oyendetsa kompyuta a mtundu wa Unix ayenera kugwirira ntchito. Palibe amene anamupatsa chikalatacho, moti anakachita kusanthula mabuku a malangizo a kampani ya Sun amene anali payunivesitepo. Koma munthu wina, Ari Lemmke, atawerenga funsolo anazindikira kuti wofunsa zoterezi ndiye kuti akulemba pulogalamu yakeyake yoyendetsa kompyuta, ndipo anamupatsa malo pa seva ya netiweki ya mayunivesite a ku Finland oti aziikapo ntchito yake. Pa 25 Ogasiti chaka chomwecho Torvalds analembanso, kufotokoza kuti zimene akuchitazo n'zongodzisangalatsa nazo, n'kupempha anthu kuti amuuze zimene amakonda ndi zimene zimawanyansa mu Minix. Mu Seputembala, pulogalamu yakeyo, imene inatchedwa Linux, inaikidwa koyamba pa seva ija. Masiku ano foni iliyonse ya Android imene ili m'thumba la munthu imayendera Linux yomweyo.

Chimene chimandikoka m'nkhaniyi n'chakuti funso la POSIX lija silinayankhidwe. Chimene anapempha sanachipeze, koma anapeza chimene sakanaganiza n'komwe kuchipempha. Ukafunsa mnzako wa pa desiki yoyandikana, umalandira zimene iyeyo akudziwa basi. Ukafunsa poyera, funso lako limakumana ndi anthu amene sunkadziwa kuti aliko, ndipo ena mwa iwo amaona patali kuposa pamene iwe ukuyang'ana.

Umboni wachiwiri ndi wamphamvu kuposa pamenepa, chifukwa ukuonetsa chimene chimachitika pamene mwini katundu ali ndi chifukwa chokhalira chete. Mu 1994 Thomas Nicely, mphunzitsi wa masamu pa Lynchburg College ku Virginia, ankafufuza za manambala amene sagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi eni akewo, makamaka amene amabwera awiriawiri ngati 11 ndi 13. Mu Juni anaona kuti mayankho a kompyuta yake yatsopano, imene inali ndi purosesa ya Pentium ya kampani ya Intel, akusemphana pang'ono ndi a makompyuta ena. Sanathamangire kuimba mlandu aliyense. Kwa miyezi inayi anakayikira khodi yake, anakayikira pulogalamu yomasulira khodiyo, anakayikira ziwalo zina za kompyuta, n'kumachotsa chimodzichimodzi mpaka anatsala ndi purosesa yokha. Pa 24 Okutobala anadziwitsa Intel. Atalephera kupeza yankho logwira mtima, pa 30 Okutobala anatumiza imelo kwa anthu angapo, kufotokoza zimene wapeza ndi kuwapempha kuti ayese pa makompyuta awo.

Kalatayo inafalikira, ndipo anthu amene sankadziwana anagwira ntchito imene munthu mmodzi sakanaitha. Terje Mathisen ku Norway anatsimikiza vutolo ndi kapulogalamu kake. Andreas Kaiser ku Germany anayesa manambala ochuluka kwambiri n'kulemba mndandanda wa amene amalakwika. Tim Coe, injiniya wa kampani ya Vitesse ku California, anasanthula mndandandawo n'kuzindikira mmene purosesayo imagawira manambala mkati mwake, osaona n'komwe mapulani a Intel, ndipo anapeza chitsanzo chimene chinatchuka: ukagawa 4,195,835 ndi 3,145,727 yankho loona ndi 1.33382, koma Pentium inkapereka 1.33374. Gwero lake linali laling'ono. Purosesayo inkagawa poyang'ana pa tebulo la manambala 1,066 losindikizidwa mkati mwake, ndipo asanu mwa manambalawo sanalowemo. Cleve Moler wa kampani ya MathWorks, pamodzi ndi Coe, Mathisen ndi ena, anakonza njira yoti mapulogalamu azilambalala cholakwikacho.

Intel inali italipeza kale vutoli miyezi ingapo m'mbuyomo koma sinauze ogula. Nkhani itaphulika, inati munthu wamba angakumane nalo kamodzi pa zaka 27,000, ndipo inkangosinthira purosesa okhawo amene akanasonyeza kuti ntchito yawo imafuna masamu osalakwa. IBM inawerengera payokha n'kupeza kamodzi pa masiku 24, ndipo inaimitsa kugulitsa makompyuta a Pentium. Pa 20 Disembala Intel inagonja n'kulonjeza kusinthira aliyense, ndipo zinaidyera madola 475 miliyoni. Amene amati ukakhala ndi vuto uzingofunsa eni ake a chipangizo ayenera kuiganizira nkhani imeneyi. Eni ake ankadziwa. Amene ananena zoona anali anthu wamba amene analibe chotaya.

Chifukwa chachitatu n'cha mtunda, ndipo chimatikhudza kuno kwathu. Unduna wa Zaumoyo ku Malawi umasonkhanitsa malipoti a m'zipatala kudzera mu DHIS2, pulogalamu imene imayendetsedwa kuchokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia. Khodi yake ndi yapoyera, aliyense angathe kuiwerenga. Mnyamata kapena mtsikana amene wapatsidwa ntchito yosamala seva yotere ku Lilongwe sangapite kukagogoda pa chitseko cha amene anailemba. Koma vuto limene lamugoneka usiku iyeyo, wina ku Kampala, ku Dar es Salaam kapena ku Dhaka angakhale atadutsamo kale, ndipo anadutsamo ndi magetsi ozimazima ndi intaneti yapang'onopang'ono ngati yake yomweyo. Wongoyamba ntchito mu kampani yaikulu ya ku California ali ndi akadaulo mbali zonse. Kuuza amene alibe akadaulowo kuti asamafunse kunja n'chimodzimodzi kumuuza kuti avomereze kutsalira. Komanso yankho loperekedwa poyera silithera pa wofunsa yekha. Limakhalapo, ndipo wina amene adzagwe m'vuto lomwelo patapita zaka zitatu adzalipeza osavutitsa munthu.

Tsopano timve a mbali inayo, ndipo tiwamve mofatsa, chifukwa ambiri mwa iwo ndi amkhalakale amene anasesapo zinyalala zosiyidwa ndi mayankho obwereka.

Mu 2016 Yasemin Acar ndi anzake, ofufuza a ku Germany ndi ku America, anatenga anthu 54 olemba mapulogalamu a mafoni a Android n'kuwapatsa tintchito tokhudza chitetezo. Ena analoledwa kugwiritsa ntchito malangizo a eni ake a Android okha, ena mabuku okha, ena mayankho okha a anthu a pa Stack Overflow, tsamba la pa intaneti lofunsirana za mapulogalamu, ena chilichonse chimene afuna. Amene anadalira mayankho a anthu analemba khodi yoyenda kuposa amene anadalira malangizo a eni ake, koma khodi yawo inali yosatetezeka kwambiri. Chaka chotsatira, Felix Fischer ndi anzake anasanthula mapulogalamu a Android okwana 1.3 miliyoni. Anapeza kuti 15.4 peresenti mwa iwo anali ndi tizidutswa ta khodi ya chitetezo tokopedwa ku mayankho oterowo, ndipo mwa amenewa, 97.9 peresenti anali ndi kachidutswa kamodzi kapena kuposerapo kosatetezeka.

Mmene zimachitikira n'zosavuta kumva. Pulogalamu ya pa foni ikafuna kulankhula ndi seva ya banki kapena ya chipatala, imayamba yayang'ana chiphaso cha sevayo kuti itsimikize kuti ikulankhuladi ndi mwini wake. Chiphasocho chikakhala ndi vuto, pulogalamu imakana kulumikizana ndipo imatulutsa uthenga wodandaula. Wolemba pulogalamu uja amatenga uthengawo n'kufunsa kuti authetse bwanji. Wina amamupatsa mizere ingapo imene imauza foni kuti izivomera chiphaso chilichonse osayang'ana. Uthenga wodandaula uja umazimiririka, pulogalamu imayenda, wofunsa amathokoza ndi mtima wonse, ndipo ena obwera pambuyo amaona kuthokozako n'kukopa mizere yomweyo. Palibe amene ananama. Funso linali lakuti uthengawo uchoke bwanji, ndipo wachokadi. Kungoti tsopano aliyense amene ali pa netiweki imodzi ndi mwini foni angathe kudziika pakati n'kumawerenga mawu achinsinsi a munthuyo. Yankho limene limayamikiridwa msanga ndi limene lachotsa ululu msanga, osati limene lachiza. Zili ngati kumwa mankhwala otsala a neba chifukwa nonse mutu ukukupwetekani, pamene wina ndi malungo, wina ndi kuthamanga kwa magazi.

Ngakhale woyankha akhale katswiri, cholakwika chimalowabe. Mu 2010 Andreas Lundblad anayankha funso la mmene ungalembere kukula kwa fayilo m'njira yowerengeka ndi munthu, kuti m'malo mwa nambala yaitali pazioneka zinthu ngati 1.5 MB. Kafukufuku wa Sebastian Baltes wa 2018 anapeza kuti palibe kachidutswa ka khodi ya Java ka pa Stack Overflow kamene kanakopedwa kwambiri kuposa ka Lundblad. Mu 2019 mwini wakeyo anakayang'ananso n'kulengeza kuti kanali kolakwika: ukakapatsa mabayiti 999,999 kankalemba 1000.0 kB m'malo mwa 1.0 MB. Kulakwako n'kochepa, ndipo anachita bwino kunena yekha n'kukonza. Koma otsutsa amafunsa funso loyenera. Yankho lapoyera lija linakonzedwa, nanga makope ake amene anamwazikana m'mapulogalamu a anthu kwa zaka zisanu ndi zinayi anakonza ndani? Wokopa sabwereranso kukaona ngati gwero lasintha.

Palinso nkhani ya zinsinsi. Kuti uthandizidwe uyenera kuonetsa khodi ndi uthenga wa cholakwika, ndipo m'menemo mumabisala mawu achinsinsi a seva, manambala a mafoni a makasitomala, mwina mayina a odwala ndi matenda awo. Zikangoikidwa poyera sizibwezeka. Ndipo zinthu zikasokonekera, woyankha uja alibe mlandu. Sanasaine pangano ndi aliyense. Amene akaime pamaso pa abwana, kapena pamaso pa khoti, ndi iwe.

Mfundo imene amkhalakale amaikonda kwambiri ndi ya luso. Amati msinkhu wa mmisiri umakula pa maola amene walimbana ndi vuto payekha, ndipo amene amathamangira kufunsa amadzilanda maola amenewo. Amakumbutsa nkhani imene Brian Kernighan ndi Rob Pike anafotokoza m'buku lawo la 1999, The Practice of Programming, ya yunivesite ina imene inaika chidole pafupi ndi desiki yothandizira ophunzira. Aliyense wobwera ndi vuto ankayenera kuyamba walifotokozera chidolecho asanaonane ndi munthu. Ambiri, otsutsawo amatero, amalipeza yankho ali pakati pofotokoza, zimene zikusonyeza kuti chimene chinkasowa si munthu wodziwa koma kudekha. Apa sindigwirizana nawo pa chimene akuphunzirapo. Chidolecho chikuchitira umboni kufunsa. Kulemba funso loti mlendo alimve kumakukakamiza kunena chimene unkayembekezera, chimene chachitika, mtundu wa pulogalamu imene ukugwiritsa ntchito, zimene wayesa kale, ndi kuchepetsa khodi yako mpaka itatsala mizere yochepa yoonetsa vutolo. Eric Raymond ndi Rick Moen analemba malangizo a kafunsidwe kotere mu 2001, ndipo amene amawatsatira amagwira ntchito yomweyo imene amkhalakale akufuna. Wothawa kuganiza safunsa chonchi. Amangoponya uthenga wa cholakwika n'kudikira mizere yokopa.

Ndinenepo mwachidule za khalidwe la oyankha ena, amene amalalatira wongoyamba kumene chifukwa cha funso lophweka kapena Chingelezi chopunduka. Zimenezi zimathamangitsa anthu amene akufunikira thandizo kwambiri, ndipo sindiona chowakhululukira nacho. Koma limeneli ndi vuto la oyankha, si mlandu wa kufunsa.

Pamene otsutsa amandigwira pakhosi ndi pa chikhulupiriro chimene ofunsa ambiri timachitenga osachiyesa, chakuti chinthu chikakhala poyera ndiye kuti alipo amene akuchiyang'ana. Raymond yemweyo anachifalitsa mu 1997, pamene anaphunzitsa kuti maso akachuluka cholakwika chilichonse chimaoneka msanga. Koma maso amene angathe kuyang'ana ndi maso amene akuyang'anadi ndi zinthu ziwiri zosiyana. OpenSSL ndi pulogalamu imene imabisa uthenga pakati pa kompyuta ya munthu ndi maseva ambirimbiri a padziko lonse. Pa 31 Disembala 2011 munalowa kachidutswa ka khodi kamene kanaiwala kuyang'ana ngati kutalika kwa uthenga kumene wotumiza wanena n'koona. Munthu ankatha kutumiza kauthenga kakafupi n'kunama kuti n'kakatali, ndipo seva inkamubwezera zinthu zokwana 64 kB kuchokera m'memole yake, zimene zikanatha kukhala mawu achinsinsi a anthu kapena makiyi a sevayo. Khodiyi inatuluka mu Marichi 2012 ndipo inakhala poyera zaka ziwiri, mpaka Neel Mehta wa Google ndi akatswiri a kampani ya Codenomicon ya ku Finland analipeza vutolo, limene linalengezedwa pa 7 Epulo 2014 ndi dzina lakuti Heartbleed. Maseva pafupifupi theka la miliyoni anali pangozi. Pamenepa m'pamene dziko linamva kuti pulogalamu imene mabanki ndi maboma ankaitsamira inkalandira zopereka za madola pafupifupi 2,000 pa chaka, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye ankaigwirira ntchito tsiku lonse.

Patapita zaka khumi panachitika zoopsa kuposa izi. XZ Utils ndi kapulogalamu kopanikiza mafayilo kuti achepe, kamene kamapezeka pafupifupi mu Linux iliyonse. Kwa zaka zambiri ankakasamala ndi munthu mmodzi, Lasse Collin, pa nthawi yake yopuma. Mu 2021 panabwera wina wodzitcha Jia Tan amene anayamba kutumiza tizokonza tabwinotabwino. Mu 2022 mayina ena osadziwika anayamba kumupanikiza Collin, kumudzudzula kuti akuchedwetsa zinthu ndipo apereke udindo kwa wina. Collin anayankha kuti mphamvu zake zachepa ndipo anakumbutsa anthuwo kuti ntchitoyi salipidwa. Pang'onopang'ono Jia Tan anapatsidwa mphamvu zotulutsa mitundu yatsopano ya pulogalamuyo. Mu Febuluwale ndi Marichi 2024 anatulutsa 5.6.0 ndi 5.6.1, ndipo mkati mwake, m'mafayilo ooneka ngati ongoyesera, anabisamo khomo lolowera m'makompyuta kudzera mu SSH, njira imene osamala maseva amalowera ali kutali.

Amene anatulukira chiwembuchi sanali mlonda wolembedwa ntchito imeneyo. Andres Freund, injiniya wa Microsoft amene amagwira ntchito pa pulogalamu ya PostgreSQL, ankayeza liwiro la zinthu zina pa kompyuta yoyeserera ya Debian, mtundu wina wa Linux. Anaona kuti SSH ikudya mphamvu ya purosesa mosayenera ndipo kulowa kukuchedwa ndi theka la sekondi. Ambiri akanangonyalanyaza. Iye anakumba mpaka anafika pa XZ, ndipo pa 29 Marichi 2024 analemba poyera zonse zimene anapeza, khodi yoipayo isanafike m'makompyuta a anthu ochuluka. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo m'nkhani imodzi yomweyi muli alendo awiri, aliyense ndi kalumo kake. Otsutsa amaloza Jia Tan n'kuti taonani mapeto a kukhulupirira anthu opanda nkhope. Ofunsa amaloza Freund n'kuti zikanakhala zotsekeredwa m'kampani, sakanakhala ndi khodi yoti akumbe.

Onse akunena zoona, koma ndikaika nkhanizi pamodzi ndimaona kuti otsutsa akusakaniza zinthu ziwiri. Zonse zimene Acar, Fischer ndi Baltes anapeza ndi ngozi za kukopa chinthu chimene sunachimvetse, ndipo munthu angakope chotero kuchokera m'buku, kwa mnzake wa mu ofesi, ngakhale ku khodi yake yakale. Nicely ndi Freund sanasankhe pakati pa kuvutika okha ndi kupita poyera. Anayamba avutika, wina miyezi inayi, ndipo n'chifukwa chake zimene anabweretsa poyera zinali zoti ena n'kuziyesa tsiku lomwelo. Nicely akanangokhala nazo yekha, Coe sakanapeza chitsanzo chija ndipo Intel sikanagonja. Akanathamangira poyera mu Juni ndi dandaulo lakuti kompyuta yake ikulakwitsa masamu, palibe akanamumvera. Choncho kwa wongoyamba kumene ndimati funsa ndithu, koma mzere umene sungathe kufotokozera munthu wina chimene ukuchita usauike mu pulogalamu ya anthu, ngakhale uchotse uthenga wodandaula pompopompo. Ndipo usanaonetse khodi poyera, chotsamo dzina lililonse, nambala iliyonse ndi kiyi aliyense.

Kuyambira pamene ChatGPT inatuluka pa 30 Novembala 2022, ambiri asiya kufunsa anthu, akufunsa makina. Makinawo salalata, sachedwa, ndipo saseka Chingelezi cha munthu. Ubwino umenewu ndi weniweni. Koma yankho lawo limabwera kwa iwe wekha, mseri. Yankho lolakwika la munthu likakhala poyera, wina wodutsa angathe kuima n'kunena kuti ayi, mizere iyi ikutsegula khomo. Cholakwika cha Lundblad chinadziwika chifukwa chinali pamalo amodzi oonekera. Cholakwika chimene makina auza anthu zikwi, aliyense payekha, chilibe pokonzedwera. Ndipo nkhawa ya zinsinsi sinathe: mu 2023 Samsung inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito makina oterewa pa zipangizo za kampani ena ataikamo khodi yachinsinsi. Makinawa anaphunzira zambiri kuchokera ku mafunso ndi mayankho amene anthu analemba poyera. Anthu akasiya kulemba poyera, mavuto atsopano sadzakhala ndi polembedwa.

Mfundo yolemera ya otsutsa imene ndinaitchula poyamba ija ndi iyi. Thandizo laulere limachokera m'thupi la munthu wina amene ali ndi banja, ntchito yake ndi tulo take. Jia Tan sanathyole chitseko chilichonse. Anapeza munthu wotopa amene anthu ambiri ankamupempha zinthu koma ochepa ankamuthandiza, ndipo anangodzipereka kukhala wothandizayo. Amene anamutsegulira njira ndi onse amene ankatenga osabweza. Ofunsa anzanga amalankhula za anthu a pa intaneti ngati kuti sadzatha, koma oyankha mafunso ovuta amakhala ochepa pa pulogalamu iliyonse, nthawi zina mmodzi. Wofunsa amene walipeza yekha yankho n'kuchoka osalemba chimene chinali vuto wasiya wotsatira wake pamalo omwewo. Kampani imene imalola antchito ake kufunsa kunja nthawi ya ntchito, koma imawerengera ola loyankha ena ngati kuba nthawi, ikudya za eni. Izi zikukhudza banki ya ku London ndi kakampani ka anthu asanu ka ku Blantyre mofanana, ngakhale zimene angabweze n'zosiyana: wina ndalama, wina lipoti lomveka bwino la cholakwika, wina kulemba mmene anagonjetsera vuto la intaneti yodukaduka limene a ku Oslo sangalione okha.

Heartbleed itaululika, Linux Foundation inasonkhanitsa makampani monga Google, Microsoft, Amazon, Facebook, IBM ndi Intel, ndipo iliyonse inalonjeza madola 100,000 pa chaka kwa zaka zitatu kuti athandize mapulogalamu apoyera amene aliyense amadalira. OpenSSL inapeza ndalama zolipira anthu awiri ogwira ntchito tsiku lonse ndi zoyeza khodi yake bwinobwino. Ndalamazo zinapita kumene kunali kutapsa kale. Pamene Collin ankalemba mu 2022 kuti salipidwa ndipo mphamvu zamuchepera, XZ inali m'maseva a makampani omwewo, ndipo amene anabwera kudzamusenzako katunduyo anali Jia Tan.